Mtengo wa ku Gando womwe unaima ku London

Anthu akandifunsa pomwe chosema chimathera ndi pomwe nyumba imayambira, ndimawasimbira za kanyumba komwe kanaima m'paki ya Kensington Gardens ku London mu 2017. Chaka ndi chaka a Serpentine Gallery, nyumba yoonetseramo zaluso ya m'pakimo, amaitana katswiri wojambula mapulani a nyumba kuti amange chinthu cha miyezi yochepa, chosagonamo munthu, choti anthu azilowamo, kuchizungulira ndi kuchiyang'ana ngati chosema. Chaka chimenecho mwayi unagwera a Francis Kéré a m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso.

Iwo anatengera mtengo waukulu wa kwawo womwe anthu amasonkhanapo, monga umo ife timachitira pansi pa kachere. Denga lake linali lamatabwa, lotambasuka ngati nthambi, lokhazikika pa zitsulo. Makoma anali a timatabwa topakidwa utoto wabuluu, tosanjikizana mosiya mipata kuti mphepo izidutsa.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi chakuti makomawo sanafike kudenga. Pakati panatsala mpata. Ndipo pakatikati pa denga panali chibowo, moti mvula ikagwa, madzi onse ankatsetserekera pamenepo n'kugwera m'kati ngati mathithi, anthu atakhala m'mbali osanyowa. Ife omanga tinazolowera kuthamangitsa mvula ngati mdani. Apa mvula inali mlendo wolemekezeka, yopatsidwa malo apakati.

Wina angati ndi zosangalatsa azungu chabe. Ayi. Nzeru ya mpata ija a Kéré anali ataiyesa kale pa sukulu ya pulayimale ya kwawo ku Gando, yomwe inamalizidwa mu 2001. Makoma ndi a njerwa zadothi zopsinja. Malata sanagone pakhoma, anakwezedwa m'mwamba pa zitsulo, pansi pake pali siling'i yadothi. Dzuwa likawotcha malata, mpweya wotentha umakwera n'kutulukira pampatapo, wozizirirapo n'kumalowera pamawindo. Palibe fani, palibe magetsi. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi yamalata mwezi wa Okutobala ku Nsanje akudziwa kufunika kwa zimenezi.

Mu 2022 a Kéré analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu pa ntchito yathuyi, ndipo anali munthu woyamba wa ku Africa kuilandira. Kanyumba ka ku London kanachotsedwa chaka chomwecho cha 2017 chisanathe, koma ana a ku Gando akuphunzirabe pansi pa malata okwezedwa aja.