Chifukwa Chake Germany Ikuyatsabe Malasha Ngakhale Inatseka Nyukiliya

Pa 15 Epulo 2023, dziko la Germany linazimitsa malo atatu otsiriza opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya, omwe ndi Isar 2, Emsland ndi Neckarwestheim 2. M'chaka chomwecho, oposa theka la magetsi onse amene anagwiritsidwa ntchito m'dzikolo anachokera ku mphepo, dzuwa, madzi ndi zomera. Komabe utsi wa malasha ukufukabe m'madera a Rhineland ndi Lusatia, ndipo kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kulondola kumene ndalama zinayamba kupita ndi kumene zinachedwa kufika.

Nkhaniyi inayamba ndi lamulo la mu 2000, limene linanena kuti aliyense woyika sola padenga kapena makina opukusa magetsi ndi mphepo m'munda mwake, magetsi akewo azigulidwa pa mtengo wokhazikika kwa zaka 20. Kufunika kwa lamuloli kumaoneka tikayerekeza mmene ndalama zimayendera. Malo opangira magetsi ndi malasha kapena gasi amadya ndalama tsiku ndi tsiku pogula zoyatsazo, pamene pa sola ndi mphepo pafupifupi ndalama zonse zimalowa poyambirira pomanga, kenako dzuwa ndi mphepo sizilipiritsa kanthu. Choncho banki isanapereke ngongole imafunsa kuti adzagule magetsiwo ndani komanso pa mtengo wanji, ndipo lamulolo linayankhiratu funso limeneli. Alimi, mabanja ndi magulu a anthu m'matauni ang'onoang'ono anayamba kuyika ndalama zawo pa ntchito imene kale inali ya makampani akuluakulu okhaokha.

Mtolo wake anausenza ndi anthu wamba, kudzera mu ndalama yapadera imene inkawonjezedwa pa bilu ya magetsi mpaka mu Julayi 2022. Koma phindu lake linafika kutali, chifukwa msika wa ku Germany unathandiza kuti mafakitale, makamaka a ku China, ayambe kupanga mapanelo a sola ochuluka zedi, ndipo mtengo wake unatsika kwambiri padziko lonse.

Pa nkhani ya nyukiliya m'pamene ndikuona kuti dongosolo linasokonekera. Ngozi ya ku Fukushima, m'dziko la Japan, itachitika mu Malichi 2011, boma la Germany lotsogozedwa ndi Angela Merkel linatseka malo 8 a nyukiliya nthawi yomweyo ndi kulamula kuti otsalawo adzatsekedwe pofika 2022 (ngakhale atatu otsiriza aja anafika mpaka mu Epulo 2023), pamene malasha anapatsidwa mpaka 2038 malinga ndi lamulo la mu 2020. Kukana kumanga malo atsopano a nyukiliya n'komveka ndithu, poti amadya ndalama zoopsa ndiponso amachedwa: ku France, ntchito yomanga Flamanville 3 inayamba mu 2007 koma magetsi ake anayamba kulowa m'mawaya mu Disembala 2024. Koma kutseka malo amene anamangidwa kale, amenenso satulutsa mpweya wotenthetsa dziko, ndi nkhani ina. Gawo lina la magetsi atsopano a mphepo ndi dzuwa linangolowa m'malo mwa nyukiliya, pamene likanatha kuchotsa malasha msanga.

Akuluakulu ankadalira gasi kuti atseke mpata, ndipo oposa theka la gasi amene dzikolo linkagula kunja ankachokera ku Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, mitengo inakwera, malo ena a malasha amene anali atapumitsidwa anayatsidwanso, ndipo doko lolandirira gasi wobwera pa sitima linamangidwa mofulumira ku Wilhelmshaven.

Vuto limene anthu ambiri saliona ndi la mawaya. Mphepo yamphamvu ili kumpoto, m'mbali mwa nyanja, pamene mafakitale ambiri ali kumwera, ku Bavaria ndi Baden-Württemberg. Njira yaikulu yolumikiza madera awiriwa, yotchedwa SuedLink, yotalika pafupifupi makilomita 700, yachedwa ndi zaka zambiri, mwa zina chifukwa anthu anakana zipilala pafupi ndi nyumba zawo, moti mu 2015 boma linagamula kuti mawayawo adutse pansi pa nthaka, zomwe n'zodula kwambiri. Zili ngati kukolola chimanga chodzaza nkhokwe kudera kopanda msewu wopita kumsika. Tsiku limene mphepo yawomba kwambiri, oyendetsa magetsi amalamula kuti makina ena a kumpoto ayime, eni ake n'kulipidwa chipepeso, kwinaku kumwera akuyatsa gasi kapena malasha, ndipo ndalama zonsezi zimabwerera pa bilu ya wogula.

Palinso masiku ena a m'nyengo yozizira amene kumachita mitambo koma mphepo osawomba. Mabatire a masiku ano amasunga magetsi a maola ochepa chabe, osati a sabata yathunthu, n'chifukwa chake Germany imagula magetsi kwa mayiko oyandikana nawo pa masiku otere, komanso ikukonza zomanga malo ena a gasi oti azidikirira nyengo yoteroyo.