Mwana wanenepetsa: magulu othandiza ana otere amapindula mpaka liti?

Kodi kunenepa si thanzi?
Kuno ku Mangochi tinazolowera kuopa mwana wonyentchera, ndiye tikaona wamasaya timangoti akudya bwino. Koma ana ambiri onenepetsa amakula nalo thupilo, ndipo kutsogolo shuga ndi BP siziwasowa. Vutoli si la azungu okha: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 390 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 adali olemera kuposa muyeso.

Tidziwa bwanji kuti wapitirira?
Maso amanama. Pitani naye kusikelo, alangizi a zaumoyo akayerekeze kulemera kwake ndi msinkhu komanso zaka.

Nanga gulu lothandiza ana onenepetsa limatani?
Makolo ndi ana amakumana kwa miyezi ingapo, kuphunzira kadyedwe ka magulu 6 a zakudya, kusewera ndi kuyezedwa. Uphungu wa WHO ndi wakuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga mphindi 60 tsiku lililonse. Phada, fulaye ndi mpira wachikulunga pamchenga zonse zimawerengedwa.

Phindu lake limakhalitsa?
Apa tisanamizane. Kumayiko komwe magulu otere adawafufuza, thupi limatsika pang'ono chabe, ndipo misonkhano ikatha nthawi zambiri limayamba kubwerera. Chifukwa chake n'chosabisika: gulu limakumana kamodzi pasabata, pomwe mphika wakunyumba umatereka tsiku ndi tsiku. Mwana amva bwino zamasamba Loweruka, Lolemba apatsidwa ndalama, ndipo pachipata cha sukulu mandasi, tchipisi chapachiwaya ndi mafirizesi zikumudikira. Madzulo agogo amuonjezera mtanda, ati mdzukulu wawo asaonde ngati alibe abale. Ine ndimati kumisonkhanoko azipita ndi amene amagwira mthiko ndi amene amapereka ndalama, agogo n'kukhalapo. Zimene banja lonse lasintha ndi zomwe zimatsala gulu likatha.

Ndiye timumane nsima?
Ayi ndithu, ndipo musamunyoze pagulu. Mwana akukulabe, choncho kwa ambiri n'kokwanira kuti kulemera kuime kaye pomwe msinkhu ukukwera. Chepetsani mitanda, chulukitsani chisoso ndi usipa wootcha m'malo mokazinga, mango akhale chotolatola chake. Yambirani pa zakumwa: botolo la 300ml la Coca-Cola lili ndi shuga pafupifupi tisupuni 8. Mungathire wochuluka chotero m'kapu imodzi ya tiyi wa mwana wanu?