Zimbale zoyamba za Casiopea, ndi chifukwa chake muyambire pa Mint Jams

Anthu ambiri akamva Casiopea koyamba amafunsa kuti nanga woimba alowa liti. Salowa. Iyi ndi fusion, kutanthauza kuti makodi ndi kusewera kwa jazi koma kugunda kwake ndi kwa funk ndi rock, ndiye gitala ndi kiyibodi ndizo zikuimba m'malo mwa munthu.

Bandiyi inayamba ku Tokyo mu 1976, Issei Noro pa gitala ndi Tetsuo Sakurai pa bezi, kenako Minoru Mukaiya analowa pa kiyibodi. Chimbale choyamba, chongotchedwa Casiopea, chinatuluka mu 1979 ku Alfa Records, ndipo munali alendo akuluakulu a ku America, Michael Brecker, Randy Brecker ndi David Sanborn pa malipenga. Ndi chabwino ndithu koma mumamva kuti ndi anyamata ofuna kuonetsa chilichonse chomwe amatha, manotsi mbwee. Chimbale chachiwiri, Super Flight, chinabwera chaka chomwecho, ndipo m'menemo ndi momwe nyimbo ya Asayake inamveka koyamba, yofatsa poyerekeza ndi mmene inadzakhalira.

Zinthu zinasintha mu 1980 Akira Jimbo atatenga ng'oma kuchokera kwa Takashi Sasaki. Ife ogwira ntchito mu situdiyo timadziwa, woimba ng'oma akasintha bandi yonse imasintha, ndipo Jimbo amamenya moyera kwambiri moti Sakurai anapeza malo omenyera bezi ndi chala chachikulu, slap ija, popanda kupondana. Make Up City ya 1980 mukumva kale zimenezo. Eyes of the Mind ya 1981 anakajambulira ku Los Angeles ndi Harvey Mason, woimba ng'oma wa ku America yemwe anali pulodyusa, yosalala bwino, kwa ine yosalala mopitirira pang'ono.

Nde Mint Jams ya 1982. Apa mpomwe ndimafuna mukhale pansi ndi mahedifoni. Chimbalechi anajambula pa shoo ku Tokyo anthu akuonera, koma posakaniza mawu anachotsa phokoso la anthu pafupifupi lonse, ndiye mumamva ngati ndi situdiyo pomwe ndi anthu anayi akuimba kamodzi basi, palibe zoti tibwerezenso vesi ija kapena tiikenso gitala pamwamba. Pa nyimbo ya Domino Line pali malo pomwe aliyense amamenya noti imodzi nkusiyira mnzake, ng'oma, bezi, gitala, kiyibodi, liwiro lake ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba, mmodzi akangochedwa pang'ono zonse zagwa, ndipo sachedwa. Zimenezi sizibwera ndi luso lokha ayi, ndi maola ambiri a pulakatisi anthu omwewo chipinda chimodzi.

Mukatha pamenepo ikani Asayake ya pa Super Flight kenako ya pa Mint Jams motsatizana, osamvera gitala, tcherani khutu kwa ng'oma ndi bezi zokha.