Nkhunda za m'mapaki sizichepa ndi mfuti

Akuluakulu a mzinda wa Basel ku Switzerland anakhala akupha nkhunda kuyambira mu 1961 mpaka mu 1985. Anapha pafupifupi 100,000, koma m'misewu ndi m'mapaki nkhundazo sizinachepe. Amene anawetapo nkhunda pakhomo sangadabwe nazo. Nkhunda imaikira mazira awiri okha, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 18. Maunda akaswa, makolo onse awiri amawadyetsa madzi okhuthala ooneka ngati mkaka omwe amapangika m'chithokomiro mwawo, choncho sadikira nyengo ya tizilombo ngati mmene mbalame zambiri zimachitira. Chakudya chikangokhalapo, zimaswa chaka chonse. Mukapha zana, zotsalazo zimakhuta bwino, maunda ambiri amapulumuka, ndipo pakapita miyezi gulu limadzaza pomwe linali.

Mu 1988 katswiri wa zamoyo Daniel Haag-Wackernagel anatsogolera njira ina mumzinda womwewo. Anayamba ndi anthu, kuwafotokozera kuti kuwazira nkhunda chakudya n'kuzizunza, ndipo anamanga makola ochepa osamalidwa bwino momwe ankachotsamo mazira ena. Patatha zaka pafupifupi zinayi, nkhundazo zinatsika ndi theka.

Mawu oti kuzizunza amawawa kwa munthu amene amabwera ndi thumba la buledi m'mawa uliwonse, koma ine ndimagwirizana nawo. Nkhunda zikachulukana kupyola malo abwino ogona, zimathithikana m'makona a madenga, zisa zili pa zitosi za zinzake. Nsabwe ndi matenda zimafala msanga, ndipo maunda amafa ambiri. Yang'anitsitsani mapazi a nkhunda za pabenchi: mupeza ina ikutsimphina, chala chitazengedwa ndi tsitsi kapena ulusi mpaka kuduka, chifukwa imaswera tsiku lonse ikupondaponda pamene anthu amataya zinyalala. Buledi nayenso amangodzaza mimba, alibe zonse zomwe thupi la mbalame limafuna. Wotsala pansi amadyedwa ndi makoswe usiku, ndipo woponyera abakha akamira m'dziwe amaola n'kuipitsa madzi.

Ku London anasankha lamulo. Meya Ken Livingstone analetsa malonda a chakudya cha nkhunda pa Trafalgar Square, ndipo mu 2003 kudyetsa nkhunda pabwaloli kunakhala mlandu. Anabweretsanso akabawi ophunzitsidwa kuti aziziopseza. Odyetsa anangosunthira kumtunda kwa bwalolo kumene lamulolo silinkafika, mpaka khonsolo ya Westminster, yomwe imayang'anira mbali imeneyo, inaletsakonso mu 2007. Kabawi amangothamangitsira nkhunda kumsewu wina. Chomwe chinachepetsa gululo ndi kutha kwa chakudya. Mzinda wa Venice ku Italy nawonso unaletsa kudyetsa nkhunda pabwalo la San Marco mu 2008.

Chimene oyang'anira mapaki amaiwala kawirikawiri ndi odyetsawo. Ambiri ndi okalamba osungulumwa, ndipo chindapusa sichiwaletsa, amangoyamba kubwera mbandakucha. Ku Augsburg ku Germany, anthu okonda nkhunda amadzipereka kusamalira makola a mumzinda: amathira mbewu zoyenera mkati, amasesa zitosi, ndipo amachotsa mazira n'kuikapo abodza kuti nkhunda ipitirize kufungatira osafulumira kuikira ena. Makola otere amathandiza pokhapokha ngati kunja kulibe chakudya china, ndiye kuti mabini a m'paki akhale ndi zotsekera, ndipo ogulitsa zakudya azisesa pamalo awo asanaweruke.