Bilu ya PrEP ikabwera musathamangire kulipira

Mwezi wathawu mnyamata wina wakwathu anandipeza ku famase komwe ndimagwira ntchito kuno ku America, envulopu ili kumanja nkhope itagwa, akuti asisi taonani zomwe andilembera anthuwa, ine za PrEP zi ndangozisiya basi. Mkatimo munali bilu ya ku labu, madola mahandiredi angapo, ya kuyezetsa magazi. Mapilisi amatenga ulele bwinobwino, koma ya magaziyi ndi yomwe inamugwetsa ulesi.

Kwa omwe simukudziwa, PrEP ndi mankhwala omwe munthu amene alibe kachirombo ka HIV amamwa kapena kubayitsa kuti asakatenge. Kumudzi umangopita ku chipatala cha boma, akuyeza, nkukupatsa osalipira olo tambala, nde munthu akafika kuno nkuyamba kumva za inshuwaransi mutu umaima ndithu.

Bilu ija samayenera kulipira. Mu 2019 komiti ya akatswiri yotchedwa USPSTF inapatsa PrEP giredi A, ndipo lamulo la Affordable Care Act, lomwe ambiri timangoti Obamacare, limati chithandizo chopewera matenda chikapatsidwa A kapena B kampani ya inshuwaransi ilipire zonse, inu osaonjezerapo kanthu. Makampani ena anayamba kuchenjera, kumalipira mapilisi okha nkumasiyira munthu zina zonse, nde mu Julaye 2021 boma linachita kulemba momveka kuti kuyeza HIV, impso, matenda a chiwindi a hepatitis B, matenda opatsirana pogonana, ngakhale kuonana ndi adokotala komwe, zonsezo ndi mbali ya PrEP. Ena ku Texas anakamang'ala kukhoti kutsutsa lamuloli, mlandu unayenda mpaka ku Supreme Court, mu Juni 2025 lamulolo linatsala chilili.

Nde bilu imachokera kuti? Nthawi zambiri ndi khodi. Chilichonse chomwe achipatala amatumiza ku inshuwaransi chimapita ndi kanambala konena chifukwa chomwe munapitira, ndipo amene amalemba akangoika khodi ngati munapita mukudwala, kompyuta ya uko siifunsa zambiri, imangokukankhirani bilu. Kuyambira Okutobala 2023 PrEP ili ndi khodi yake, Z29.81, ilembeni penapake pa foni. Bilu ikabwera imbani ku chipatala muwauze kuti atumizenso ndi khodi imeneyi, kenako imbani nambala ili kuseri kwa khadi lanu la inshuwaransi, mufunse dzina la amene mukuyankhula naye ndi nambala ya nkhani yanu, chifukwa mawa mupeza wina amene azidzakuuzani kuti sakudziwapo kanthu. Akakanabe muli ndi ufulu wochita apilu. Ife a Malawi tili ndi kaulemu kenakake koopa kuvutitsa anthu a mu ofesi, kaulemu kameneko kuno kamadya ndalama.

China ndi labu. Magazi akapita ku labu yomwe kampani yanu ilibe nayo mgwirizano, pamenepo bilu ikhoza kukhala yanudi, nde funsani asanakubayeni.

Pa mankhwala enieniwo, mapilisi a Truvada anavomerezedwa ngati PrEP mu 2012 koma pano kuli a generic otchipa kwambiri, mankhwala ake ndi omwewo, musakakamire dzina. Jakisoni wa Apretude amabaya miyezi iwiri iliyonse. Watsopano uja Yeztugo, wobaya kawiri pachaka, anavomerezedwa mu Juni 2025 ndipo mtengo wake nthawi imeneyo unali madola 28,218 pachaka, eeh, nde ameneyo musangopita kukabayitsa musanamve kuchokera ku kampani yanu kuti alipira.

Sikuti inshuwaransi iliyonse ili pansi pa lamuloli ayi. Zija za miyezi yochepa zotchipa zija, ndi zomwe anthu amagula akamabwera kudzacheza, zambiri sizikhudzidwa. Ngati mulibe inshuwaransi pitani ku makiliniki a m'dera omwe amalipiritsa malingana ndi zomwe mumapeza.

Ndipo ichi ambiri amachidziwa mochedwa, kampani imatumiza kalata yofotokoza zomwe yalipira kwa mwini inshuwaransi. Ngati muli pa ya makolo, zomwe zimaloledwa mpaka zaka 26, kapena pa ya akunyumba kwanu, kalatayo itha kutsegulidwa ndi wina. Imbani mupemphe kuti zanu azitumiza kwa inu nokha.

Mnyamata uja tinaimba limodzi ataima pa kauntala pomwepo, achipatala anavomera kuti anaphonya khodi, bilu inafufutidwa patapita masabata angapo. Koma poti mapilisi anali atawasiya kwa sabata zitatu, sindinamupatse tsiku lomwelo, ndinamubweza kuti akayezetse kaye HIV, chifukwa munthu amene watenga kale kachirombo akamamwa PrEP yokha kamatha kuyamba kupima mankhwala.