Mwala wolimba nawonso umang'ambika msanga

Kuno ku Mulanje anthu ambiri amati mwala wa m'phiri, poti ndi wolimba, palibe chimene chingaugonjetse. Si zoona kwenikweni. Miyala ya granite ndi syenite ya phiri lathuli imapirira kwambiri ikapanikizidwa, koma ikakokedwa mbali ziwiri imang'ambika msanga. Mphamvu yake pokokedwa nthawi zambiri imangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake popanikizidwa. Ophwanya miyala amadziwa izi ndi manja awo: amasonkha moto pamwala, kuthirapo madzi, mwala n'kung'aluka wokha.

Akatswiri amayeza mphamvu ya mwala pokokedwa ndi njira yotchedwa Brazilian test, imene Fernando Carneiro wa ku Brazil anaiyambitsa mu 1943 poyeza konkire. Amadula kachidutswa ka mwala kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kukaimika cham'mbali, makina n'kukafinya pamwamba ndi pansi. Kamang'ambika pakati penipeni, ndipo chodabwitsa n'chakuti chimene chakang'amba si kufinyako koma kukokedwa kwa mkati chopingasa.

Zophulitsa zouma, zosachedwa kusweka ngati choko, zimayezedwanso motere m'malabotale otetezedwa, chifukwa kamng'alu kamkati kangasinthe mmene zingayakire, n'kuika anthu pangozi.