Zimene mainjiniya amakafuna m'chipululu cha Arizona

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Phoenix, m'chipululu chotentha cha Arizona ku America, kampani ya Toyota ili ndi malo aakulu oyeserako magalimoto pafupi ndi Wittmann. Anatsegulidwa mu 1993 ndipo m'kati mwake anamangamo msewu wozungulira wa makilomita 16. Nissan ili ndi ake ku Stanfield, General Motors inasamutsira ake ku Yuma mu 2009, konseku ndi ku Arizona komweko. Mlendo wololedwa kulowa m'malo otere asayembekeze kujambula zithunzi, chifukwa magalimoto ambiri oyenda m'menemo amakhala asanatuluke pamsika. Ena amawamata mapepala a mizeremizere yakuda ndi yoyera kuti maonekedwe ake asadziwike.

Anthu amaganiza kuti kumeneko n'kothamangitsa magalimoto basi. Liwiro limayesedwa ndithu, koma si limene limatisowetsa tulo ife a zamainjini. Galimoto ikamathamanga, mphepo yambiri imawomba radiator ndipo madzi amazizira bwino. Zimavuta ikamakwera chitunda pang'onopang'ono itasenza katundu, chifukwa apo injini ikugwira ntchito yakalavulagaga pomwe mphepo ndi yochepa. Aliyense amene anakwerapo chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu Okutobala, galimoto itadzaza matumba, anaonapo muvi wa kutentha ukukwera.

N'chifukwa chake muyeso wa SAE J2807, umene makampani amatsatira ponena kulemera kwa ngolo imene galimoto ingakoke, unakhazikika pa chitunda cha Davis Dam ku Arizona komweko. Ndi makilomita 18 okwera, kunja kukutentha madigiri osachepera 37.8, makina oziziritsa m'kati ali pamapeto penipeni. Nyali yochenjeza ikayaka, kapena madzi akatayika, galimotoyo yalephera.

Kuyesa kumene ine ndimakuona kuti n'kwankhanza kwambiri sikuoneka ngati ntchito n'komwe. Galimoto ikatentha bwinobwino, amaiimika pamalo otchinga mphepo n'kuzimitsa injini. Pampu ya madzi ikaima, kutentha kumene kuli m'chitsulo kumasowa kolowera, ndiye kwa mphindi zingapo pansi pa boneti pamatentha kuposa mmene panalili poyenda. Petulo amatha kusanduka nthunzi m'mapaipi, ndipo mawaya, mphira ndi mapulasitiki zimapsa pang'onopang'ono. Akadikira kanthawi amailizanso, ndipo iyenera kulira osakakamiza.

Fumbi nalonso malo oyeserawa ali nalo lokwanira. La ku Arizona linatchuka moti lili ndi muyeso wakewake, ISO 12103-1, ndipo opanga sefa za mpweya m'maiko ambiri amachita kuligula kuti ayesere katundu wawo.

Koma galimoto imene imapambana mayeso onsewa imakhala ndi zonse zimene wopanga anaikamo: thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini), fani yogwira ntchito, coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini), ndi chivindikiro cha radiator chotseka bwino. Kachivindikiro kameneko musakapeputse. Kamasunga mphamvu ya mpweya m'kati, moti madzi amene akanawira pa madigiri 100 amafika cha m'ma 120 asanawire. M'magalaji athu ena, galimoto ikangoyamba kutentha makaniko amathamangira kuchotsa thermostat, mwiniwake n'kumathiramo madzi a pamjigo. Madziwo amasiya dzimbiri ndi mchere m'timipata ta radiator, ndipo pakapita miyezi timipatato timayamba kutsekeka.